Wotchinga wa a Wendell

Mumzinda wathu wa Port Harlow muli anthu awiri okha amene amadya, kumwa ndi kupuma nkhani ya chimene Osula, timu yathu ya mpira wa ku America, ikusowa. Woyamba ndi bwana Vandermolen, mkulu wosankha osewera a timuyo, amene amalipidwa kuti adziwe koma sadziwa. Wachiwiri ndi a Wendell Kosciak, wabucha wa mumsewu wa kudoko, amene amadziwa koma palibe anawafunsapo.

A Wendell anabadwira pamwamba pa bucha yomweyo, m'chipinda chonunkhira adyo ndi utsi wa masoseji. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo awo anawatengera kubwalo tsiku lina la chisanu cholasa m'mafupa, ndipo Osula anakwapulidwa 38 kwa 6. Mwana wanzeru akanalira n'kukasankha timu ina. Iwo anabwerera kunyumba atatenga matenda amene mpaka lero sanachire. Tonse kuno tili nawo, kungoti ena timabisa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Koma tsiku limenelo mwanayo sanaonere mpira ayi. Anthu m'bwalo maso amakhala pa woponya, ndi pa anyamata aliwiro amene amathamanga kukawakha mpira. Iye maso anali pa zimphona zisanu zimene zimawerama kutsogolo kwa woponyayo, kumutchinga kuti adani asamuthyolethyole. Mwana wa wabucha amayamba waona ntchafu. Pa asanuwo anakonda wa kumapeto chakumanzere, amene amalondera msana wa woponya, kumene mwini wake saonako. Ameneyo akagwira bwino ntchito palibe amutchula dzina. Akaphonya, ambulansi imalowa m'bwalo.

Wotchinga wa kumanzere womaliza amene tinali naye wooneka ngati munthu anapuma zaka 19 zapitazo. Kuyambira pamenepo tathyoletsa oponya khumi ndi awiri. Wina phewa, wina bondo, wina nthiti zinayi tsiku limodzi. Wina masiku ano amagulitsa magalimoto kutsidya kwa mlatho, ndipo ukamudzera kumbuyo mwadzidzidzi amakumbatira mafayilo ake n'kudzigwetsa pansi.

Mankhwala a zonsezi amayenera kupezeka mu April, pa Chisankho, pamene matimu onse amagawana anyamata otuluka m'makoleji. Lamulo lake n'lachifundo: timu imene yachita manyazi kuposa zonse ndiyo imayamba kusankha. Pa zimenezi Osula tilibe wopikisana naye. Mizinda ina imavina mu February itanyamula chikho, ife timavina mu April titanyamula lonjezo.

Ndiye chaka ndi chaka bwana Vandermolen amapeza msika wonse uli chiyalire, palibe wagulako. Ndi bambo wa mano oyera mbee, wovala kajekete kopanda manja kaya kunja kuzizire bwanji, ndipo amakonda liwiro monga mwana akondera shuga. Amatenga wowakha. Chaka chinacho, wowakha wina. Tili ndi owakha okwana kudzaza basi, onse aliwiro loopsa, ndipo amathamangadi, n'kukaima kutali uko manja ali m'mwamba, kudikira mpira umene mwini wake wagonekedwa kale chagada. Atolankhani akafunsa kuti bwanji osatengako wotchinga, bwanayo amaonetsa mano aja n'kunena mawu omwewo omwewo: "Ife sitisankha mwanjala. Tatenga wabwino mwa otsala."

Mawu amenewa analowa m'magazi a mzinda. Ukachedwa kulesitilanti n'kupeza supu yekha, woperekera zakudya amakutonthoza kuti watenga wabwino mwa otsala. Meya tinamusankha choncho. Mayi Darlene, akazi awo a Wendell, anthu akawafunsa chimene anaona mwa munthu wokamba za ntchafu za amuna anzake ngakhale pamaliro, amayankha nkhope ili gwa: "Ndinachedwa kusankha. Ndinatenga wabwino mwa otsala."

Musaganize kuti a Wendell anangokhala manja lende. Mu February, anyamata a m'makoleji akamayezedwa pa TV atavala makabudula okha, uyu kumukweza pasikelo, uyu kumutambasula mkono n'kuuyeza ndi tepi, iwo amaima kuseri kwa kauntala mpeni uli m'manja, n'kumatchula mapaundi sikelo isanayankhule. Saphonya ndi mapaundi oposa awiri. Wogula amene wafika nthawi imeneyo angodikira basi. Mu March amalemba kalata ya masamba khumi ndi anayi yopita ku ofesi ya timu, n'kuitumiza pamodzi ndi phukusi la masoseji. Achita zimenezi zaka 31, kwa mabwana asanu ndi mmodzi otsatizana. Yankho limabwera limodzimodzi: kakhadi kosindikiza kowathokoza chifukwa chokonda Osula, n'kuwakumbutsa kuti zipewa zatsika mtengo. Masoseji okha ndiwo sanabwezedwepo.

Ife tinkawaseka, koma kunena zoona zinkawapweteka mumtima. Sankasirira mpando wa bwana, sankafuna kuwomberedwa m'manja. Ankangofuna kuti tsiku limodzi, asanaikidwe m'manda, atchule dzina la munthu wamkulu thupi, wina amve n'kukhulupirira.

Chaka chatha anapeza munthu wawo. Dzina lake Cornelius Pettway, wa kakoleji kena ka ku Alabama kamene ngakhale pamapu uyenera kuvala magalasi kuti ukaone. Anadula chithunzi chake n'kuchimata pakhoma, pamwamba pa sikelo. Woyamba kuchiona anali a Otis Fairbrother, amene anayendetsa basi ya mumzinda zaka makumi atatu, ndipo tsopano ntchito yawo ndi kutsamira kauntala ya a Wendell osagula kanthu.

"Kodi achimwene, uyu ndi mwana wanu wa kuseri? Mayi Darlene akudziwa?"

"Mapaundi 322, mikono mainchesi 35. Tayang'anani mapaziwo, a Otis. Munthu ameneyo akaponda pansi, kuti mumusunthe mukabwereke thirakitala."

"Nanga bwanji akatswiri a pa TV sakumutchula?"

"Akatswiri anuwo amaona pamene kamera yaloza. Kumeneko kamera sifika."

"Inuyo munaonera pati?"

"Pa foni ya Darlene. Wina anajambula atakwera pamwamba pa galimoto."

"Aaa, mwaona nyerere zikukankhana, basi mwati mpulumutsi wabadwa. Madala, takapumani. Mudzadula chala n'kutigulitsa ngati soseji."

"Inu mugula liti kuti mudandaule?"

Patangopita mlungu umodzi kunabwera envulopu yochokera ku ofesi ya timu, yolemera kuposa masiku onse. A Wendell anaitsegula poganiza kuti mawu a akuluakulu agonera tsopano. Ayi ndithu. Kalata yawo inali isanawerengedwe. Makina a mu ofesi ndiwo anapeza kuti pali nkhalamba ina imene yagula tikiti ya mpando womwewo zaka makumi anayi osadumphitsa, ndipo pa chifukwa chimenechi inasankhidwa kukhala wokonda timu wa chaka. Mphoto yake inali ulendo wa ku Chisankho. Tsiku lomaliza la Chisankhocho, Loweruka masana, anthu otchuka atatopa n'kubwerera kwawo, matimu amalola anthu wamba kukwera pansanja kukawerenga dzina la wosankhidwa. Matimu amasankha mosinthana m'ndime zisanu ndi ziwiri, ndipo a Wendell anapatsidwa ndime yachisanu ndi chimodzi.

Nkhani inafala msewu wonse, ndipo madzulo ake bucha inadzaza ndi anthu odzayamikira. A Otis okha ndiwo anabwera ndi munga.

"Akakupatsani kapepala, mukawerenge ngati mwana wa kalasi yoyamba. Zaka 31 za makalata, malipiro ake ndi kukakhala chimkuzamawu cha Vandermolen. Akalemba kuti tasankha mbuzi, inu mudzati mbuzi, n'kumwetulira."

Anthu anafa nacho chiseko. A Wendell magazi anathamangira kumaso. Anaika mpeni pathabwa pang'onopang'ono, n'kuloza chithunzi chija.

"Mverani nonse, ndipo mudzandikumbutse. Ngati pofika ndime imeneyo Pettway adzakhala asanatengedwe, dzina lotuluka pakamwa pano ndi lake. Kaya pakhadipo alembepo mngelo."

Anthu anaomba m'manja, wina anaimba likhweru. Mayi Darlene, amene ankakulunga chiwindi cha munthu kumapeto kwa kauntala, anadikira mpaka onse atatuluka.

"Bambo a Tina, mwalumbira pamaso pa anthu ogula mafupa a galu. Kumene mukupitako kuli makamera. Mukawerenge zimene alemba, mugwedeze dzanja, tibwerere kwathu."

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikulankhula ndi khoma, Darlene. Kamodzi kokha."

"Ndiye ndikusitirani malaya oyera aja, kuti pochita manyazi muoneke aukhondo."

Chisankho chaka chimenecho chinali mumzinda wina wakumwera, wotentha, kumene anthu a ku Port Harlow tinkayenda titanyamula majekete m'manja ngati ana obadwa kumene. Lachinayi, pa ndime yoyamba, bwana Vandermolen anatenga wowakha. Lachisanu anatenga wowakha wina, kenaka mnyamata wothamanga ndi mpira, amene akuti amadumpha mpanda ataimirira pamodzi. Tonse tinali titaloweza yankho, moti bwanayo atafika pa "wabwino" khamu linamalizitsa lokha. Loweruka linacha, ndime yachinayi inadutsa, yachisanu inadutsa. Pettway palibe anamukhudza. A Wendell sanadziwe kuti asangalale kapena alire, chifukwa pansi pa mtima ankapemphera kuti timu ina imutenge, iwo amasuke pa lumbiro lawo.

Kuseri kwa nsanja anawalandira mayi wina wovala zomvera m'makutu, amene ankalankhula ndi anthu atatu nthawi imodzi.

"Bambo Kosciak, mukaima pa chizindikiro chofiira. Musagwire maikolofoni, musapereke moni kwa achibale. Muwerenge zimene zili apa basi. Mwamva?"

Anawapatsa khadi. A Wendell anavala magalasi. Panalembedwa kuti Brody Halvorsen, womenya.

Womenya! Ameneyu ndi munthu amene amalowa timu ikalephera kupita patsogolo, ntchito yake n'kumenya mpira m'mwamba, kuupereka kwa adani mwaulemu. Kunena chilungamo, palibe wosewera amene Osula timamutopetsa kuposa ameneyu, choncho mwina ulendo uno bwanayo anasankhadi mwanjala. Koma a Wendell sanaone choseketsa. Woponya wakhumi ndi chiwiri anali m'chipatala cha mafupa akuphunzira kukweza mkono, ndipo yankho la ofesi linali kugula munthu wodziwa kugonja bwino.

Anakwera masitepe. Dzuwa linawalasa m'maso, ndipo pansipo panali nyanja ya mitu, zipewa, mbendera, nkhope zopakidwa utoto. Mantha anawagwira, mantha enieni, a munthu amene moyo wake wonse walankhula kwa anthu osapitirira khumi. Anaganiza zongowerenga. Palibe akanawamanga. Koma chakumanja, pagulu la ovala zofiira za Osula, anaona a Otis atavala chisoti chachitsulo, atakunga manja awiri kukamwa, akulira ngati mbuzi.

"Pa nambala 179," a Wendell anayamba, mawu awo akubwerera kuchokera ku nyumba zitalizitali za tsidya lina, "Osula a ku Port Harlow asankha..."

Anapinda khadi lija pakati n'kuliika m'thumba.

"Cornelius Pettway! Wotchinga wa kumanzere! Mapaundi 322!"

Mukanamva phokosolo! A kwathu ambiri sankadziwa kuti Pettway ndani, koma mawu akuti wotchinga anali asanawamve pansanja imeneyo zaka 19. Amuna akuluakulu anakumbatirana, mowa unatayikira ana, mayi wina anaponya chipewa m'mwamba osachionanso. A Wendell anaima pa chizindikiro chofiira misozi ikutsika, akumva kukoma kumene sanakumvepo chibadwire. Chisangalalo chonsecho chinatha ngati mphindi imodzi. Pa chikanema chachikulu kumbuyo kwawo panatuluka nkhope yowonda ya mnyamata wa tsitsi lofiirira, pansi pake atalemba kuti Brody Halvorsen. Dzina lenileni linali litalowa kale m'makina iwo asanayambe kukwera masitepe. Anali tambala wolira dzuwa litatuluka kale, ndipo mumtima ankadziwa.

Nyimbo inakwezedwa, maikolofoni anazimitsidwa, ndipo alonda awiri anawagwira m'zigongono mwaulemu n'kuwatsitsa. Ali m'njira a Wendell anawayang'ana chokweza ndi chotsitsa.

"Iwe mapaundi 260, iwe 245. Ana inu, thupi lonseli mukulitayira pa nkhalamba?"

Akatswiri a pa TV anaseka mpaka kupukuta misozi. Bwana Vandermolen anauza atolankhani kuti chikondi chotere n'chimene chimamanga timu. Chisankho chinatha dzuwa likupendeka, mayina oposa mazana awiri atatchulidwa, ndipo la Pettway panalibe. A Wendell atamva anangogwedeza mutu, nati zangotsimikiza kuti khungu lili m'maofesi onse, osati mwathu mokha.

Lolemba m'mawa mzere pa bucha unafika mpaka pa sitolo ya nsapato. Anthu amene sadya nkhumba anabwera kudzangowagwira chanza. Wailesi inatumiza munthu. Wina anali atasindikiza kale masikipa olembedwa kuti Mapaundi 322, ndipo ankagulitsa pakhomo. A Wendell ankadula, kuyeza, kukulunga, chifuwa chili patsogolo, akulongosola za mikono ndi mapazi kwa anthu amene kwa nthawi yoyamba sankayang'ana wotchi. A Otis anagula masoseji mapaundi awiri, chinthu chimene sichinaonekepo mumsewu wa kudoko.

"Koma achimwene, mwatchuka mpaka ku Alabama," anatero a Otis akutulutsa foni, akuseka asanayambe n'komwe. "Mwaona iyi? Anthu mamiliyoni aonera. Ine nthiti zikuwawa."

"A Otis, bwezani foniyo m'thumba," anatero mayi Darlene. Mayiwo anali ataiona kale.

Koma a Wendell anali atavala kale magalasi.

Anali kanema wojambulidwa ndi wachibale wa Pettway, pabalaza la nyumba yaing'ono. Munali anthu thothotho, ena pamipando ya kutchalitchi, ena pansi, mbale za nkhuku ndi nyemba zili pamiyendo. Zinkaoneka kuti akhala choncho masiku atatu. Pakati pa sofa panali chimphona chimene a Wendell ankachidziwa mapazi ndi mikono koma anali asanachionepo nkhope bwinobwino. Anali mwana ndithu, wa masaya ofewa, wa tindevu tosakwana. Foni yake anaiika pabondo, dzanja lili pamwamba pake. Ndiye pa TV ya pakona panamveka mawu amene a Wendell anachedwa kuwazindikira kuti ndi awo.

Nyumba inaphulika. Mbale zinagwa, ana anakuwa, bambo wina wa chipewa anathamangira panja kukaliza hutala ya galimoto kuti msewu wonse udziwe. Mayi wina wovala diresi ya Lamulungu anagwada pakapeti manja ali m'mwamba.

"Zikomo Yesu! Mwamva inu? Amutchula! Amutchula mwana wanga!"

Mnyamata yekha ndiye sanaimirire. Mwambo wa Chisankho ankaudziwa: timu ikakufuna imayamba yakuimbira foni, dzina lisanatchulidwe pansanja. Anayang'ana foni yake. Anaidina kuti aone ngati yazima. Anaitembenuza, n'kuidinanso. Kenaka anakweza maso pa TV, pamene tsopano panali nkhope ya mnyamata wa tsitsi lofiirira, ndipo anthu pabalazapo anayamba kukhala chete mmodzimmodzi.

"Amayi," anatero motsitsa. "Amayi, dzukani. Foni sinalire."

"Koma anena, mwana wanga. Ndamva ndi makutu angawa."

"Si ine, amayi. Taonani pa TV."

"Iyayi, alakwitsa chithunzi. Bambo wamkulu wa imvi ngati ameneyo anganame pamaso pa dziko lonse? Anena dzina lako lonse, mpaka ndi mapaundi ako omwe. Akukudziwa ameneyo."

Mnyamata uja anatsika pasofa, n'kugwada, n'kuwakumbatira amayi ake ndi mikono ija ya mainchesi 35. Wojambulayo anatsitsa foni, moti chomaliza kuoneka chinali nyemba zotayika pakapeti. Panja hutala inali ikulirabe, chifukwa bambo wa chipewa uja palibe anali atamuuza.

A Otis anayang'ana nkhope ya mnzawo, nasiya kuseka. Anabweza foni m'thumba.

A Wendell anatsamira kauntala. Manyazi amene anawagwira sanali a pamaso pa anthu, amene munthu amawatsuka ndi nthabwala. Anali manyazi a mumtima. Zaka 31 anafunafuna munthu mmodzi woti amve mawu awo n'kukhulupirira, ndipo anapezeka, atagwada pakapeti ku Alabama.

Anthu a kumbuyo kwa mzere sanaone chilichonse. Ankangodabwa kuti bwanji mzere waima.

"Tiuzeni, a Wendell!" anakuwa bambo wina wovala sikipa yatsopano ija. "Chaka chamawa titenge ndani?"

A Wendell anavula magalasi. Anapukuta manja pa epuloni nthawi yaitali, ngakhale anali ouma.

"Musandifunse ine," anatero. "Ine ndimadziwa kuyeza nyama yakufa basi. Mukufuna mapaundi angati?"